Nsapato Imene Imalola Kusokedwanso

“Amisiri, kodi iyi ingatheke?” Ndi funso limene wosoka nsapato amamva tsiku lonse, kaya wakhala pansi pa mtengo wa mango pamsika wa ku Mualadzi kuno ku Chifunde, kaya pakhonde la sitolo pafupi ndi chipata cha pamalire cha Cassacatiza. Mmisiri wodziwa ntchito sayankha msanga. Amayamba waitembenuza nsapatoyo, kuipinda pakati, kupisa chala mkati, kukanda m'mphepete ndi chikhadabo. Mwini wake amayesa kuti akuyeza kukula kwa chibowo kuti atchule mtengo, pamene iye akufufuza mmene nsapatoyo inapangidwira, chifukwa yankho lagona pamenepo. Nsapato ina inapangidwa moti ikatha pansi munthu aiphwasule n'kuimanganso. Ina inapangidwa moti ikangotha, basi yatha. Manja a mmisiri, ngakhale akhale aluso chotani, amagwira ntchito mkati mwa malire amene wopanga anaika kale. Mmera m'poyamba.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino tiyang'ane nsapato ya kutali ndi kwathu: jombo ya akauboyi a ku America, ija yofika m'katumba, yopanda zingwe, ya chidendene chachitali ndi maluwa osokedwa m'mbali. Agogo amene anagwirako ntchito ku Copperbelt kapena ku Southern Rhodesia amaikumbukira m'mafilimu amene ankaonetsedwa m'makomboni a pamigodi. Ena amaiona pa zithunzi za oimba nyimbo za country, zimene mpaka lero zimalira pa wailesi ku Malawi ndi ku Zambia. Apo ndi apo imatulukira m'belo la kaunjika. Ndaisankha chifukwa mwa nsapato zimene anthu akuvala masiku ano, iyi ndi imodzi mwa zochepa zimene chilichonse cha kunsi kwake chinaikidwa ndi cholinga choti tsiku lina chidzachotsedwe.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kunali ng'ombe zosawerengeka zopanda msika, pamene mizinda ya kumpoto ndi kummawa inkafuna nyama. Kuyambira 1867 anyamata a pa akavalo ankakusa ng'ombezo, ulendo wa miyezi, kudzera njira yotchedwa Chisholm Trail kukafika ku siteshoni ya sitima ya Abilene ku Kansas. Luso loweta ng'ombe ali pa kavalo analitengera kwa abusa a ku Mexico, ndipo jombo yawo inachokera ku jombo ya chikopa ya asilikali a pa akavalo, ya mtundu umene unatchuka ndi dzina la Duke of Wellington. Amisiri a nsapato anatsata kumene ng'ombe zinkapita. Charles Hyer anali ku Olathe ku Kansas m'zaka za m'ma 1870, H. J. Justin anatsegula shopu ku Spanish Fort ku Texas mu 1879, ndipo banja la Lucchese linayamba ku San Antonio mu 1883. Tony Lama, amene dzina lake ndi kampani yaikulu lero, poyamba anali wokonza nsapato za asilikali ku Fort Bliss asanatsegule kashopu kake ku El Paso. Choncho ntchito yopanga jombozi ndi ntchito yozikonza zinakulira pa benchi imodzi, ndipo munthu amene amadziwa kuti nsapato idzabwereranso m'manja mwake saipanga mosasamala.

Chilichonse pa jombo imeneyi chinaganiziridwa poyang'ana kavalo. Soli yake ndi ya chikopa chosalala kuti phazi lilowe ndi kutuluka mosavuta m'chitsulo chopondera cha pa chishalo. Chidendene n'chachitali ndi chopendekera mkati kuti chikole pachitsulocho, phazi lisapitirire. Zingwe palibe, kuti munthu akagwa n'kuyamba kukokedwa ndi kavalo, phazi livuke m'jombomo apulumuke. Chikopa chachitali chimateteza mwendo ku minga ndi njoka, ndipo maluwa osokedwa aja, kupatula kukongola, amalimbitsa chikopacho kuti chisamafwanyikire pansi. Mfundo yofunika kuikumbukira ndi yakuti iyi ndi nsapato ya munthu wokhala pa nyama tsiku lonse, osati ya munthu woyenda pansi.

Kulimba kwake kuli mkati mosaoneka. Pamene phazi limaponda pali chikopa chochindikala, chimene ndi maziko a nsapato yonse. Chikopa cha pamwamba chimakokedwa pa chikombole chokhala ngati phazi, kenako kalamba wopyapyala wa chikopa, amene amisiri amati welt, amasokedwa m'mphepete kulumikiza chikopa cha pamwamba ndi maziko aja. Mpata wotsala pakati amaudzaza ndi zinyenyeswa za makungwa a mtengo wa cork, umene dziko la Portugal limakolola kuposa dziko lina lililonse. Pomaliza soli imasokeredwa pa kalamba uja, osati pa chikopa cha pamwamba. Ndiye kuti pali misoko iwiri, wina wa mkati umene sukhudza nthaka, wina wa kunja umene umatha. Wa kunjawo ungadulidwe kangapo popanda kuboola chikopa cha pamwamba ngakhale kamodzi. Zili ngati nyumba ya udzu: udzu ukawola mumafolera wina, koma phaso ndi mizati zimakhala zomwezo.

Jombo yotere ikafika kwa mmisiri wa ku Texas kapena wa ku León ku Mexico, kumene jombo zambiri zimapangidwa masiku ano, ntchito imayambira kuchidendene. Amakanula kamphira ka pansi, n'kuzula chidendene chonse, chimene sichikhala cha thabwa koma zidutswa za chikopa zosanjikizana. Kenako amalowetsa mpeni pakati pa soli ndi kalamba uja, n'kumadula ulusi pang'onopang'ono mpeniwo utapendekera ku soli yakale, chifukwa soli ikutayidwa koma kalambayo akufunikabe. Soli ikachoka amapala makungwa akale onse. Apa m'pamene pali ntchito yotopetsa imene mmisiri waulesi amailumpha: kuzula tizidutswa ta ulusi wakale m'kabowo kalikonse ka kalamba, kamodzikamodzi ndi nsonga ya singano. Cholinga n'choti ulusi watsopano udzadutse m'mabowo omwewo. Akaboola mabowo ena pambali pa akale, kalambayo amadzadza mabowo ndipo amadzang'ambika motsata mzerewo. Akaona kuti kalamba wafumbwa, amamuchotsa n'kusoka wina ndi manja, ntchito yotenga maola ambiri, ndipo ndi imene imakweza mtengo.

Pakati pa phazi, pamene pamakhala mpata pakati pa chidendene ndi zala, pali kachitsulo kathyathyathya kothandiza jombo kuti isathyoke. Mmisiri amakayang'ana ngati sikanachite dzimbiri kapena kuthyoka. Akatero amadzaza makungwa atsopano, n'kudula soli pa chikopa chochindikala cha pamsana pa ng'ombe. Chikopacho amachinyowetsa kaye n'kuchisiya chifewe, kuti chipindike motsata phazi. Amakanda mbali zonse ziwiri, kupaka guluu, kudikira, kumata, kukhoma ndi hamala, kusenga m'mphepete. Asanasoke amalema kangalande pansi pa soli kuti ulusi ugone mkati, usamakhule pansi poyenda. Kangalande kameneka n'kakang'ono, koma ndi kamene kamasiyanitsa msoko wokhala chaka ndi msoko wokhala mwezi.

Mbali imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya tizikhomo. Pa jombo ya akauboyi yeniyeni, kalamba uja safika mpaka kumbuyo, amathera pakati pa phazi. Kuyambira pamenepo soli imagwidwa ndi tizikhomo ta mtengo, tochepa ngati mitengo ya machesi, tokhomedwa m'mizere iwiri mbali iliyonse. Mmisiri amaboola kabowo kocheperako kuposa chikhomocho, n'kuchimenya kamodzi kokha mwamphamvu. Akachimenya mokayika chimathyoka. Nsonga zotulukira mkati amazipala ndi tupa kuti zisalase phazi. Wina angafunse kuti bwanji osangokhoma misomali. Chifukwa chake n'chakuti mtengo ndi chikopa zimamwa madzi limodzi. Jombo ikanyowa chikopa chimafufuma, chikhomo nachonso chimafufuma, ndipo zikauma zimafota pamodzi, moti kugwirana kwake sikutha. Msomali wachitsulo sufufuma, umachita dzimbiri ndi thukuta, ndipo dzimbirilo limadya chikopa mozungulira mpaka msomali uyambe kugwedera. Chidendene chikabwezeretsedwa, m'mphepete amakhula, kupaka utoto ndi phula mpaka pawale. Jombo imabwerera kwa mwini wake ili ndi pansi patsopano, koma mkati muli momwemo mmene phazi lake linazolowera, ndipo ichi ndi chimene nsapato yatsopano singam'patse.

Njira imeneyi sinathe chifukwa inali yoipa, koma chifukwa kunabwera zotchipa. Mu 1858 Lyman Blake anapanga makina osoka soli modutsa mpaka mkati mwa nsapato, ndipo Gordon McKay anagula nzeruyo n'kuifalitsa m'mafakitale. M'zaka za m'ma 1870 makina a Charles Goodyear wamng'ono anayamba kusoka kalamba uja mofulumira kuposa manja. Bambo ake, Charles Goodyear wamkulu, ndi amene mu 1844 analembetsa njira yophika mphira ndi sulufule kuti usamasungunuke padzuwa, njira imene inatipatsa matayala ndi jombo za mphira. M'zaka za m'ma 1900 guluu wamphamvu atapezeka, mafakitale ambiri anasiya kusoka n'kumangomata. Kenako kunabwera makina othira pulasitiki wosungunuka m'chikombole kuti soli iumire pa nsapato pomwepo. Zimenezi zinatsitsa mtengo, ndipo ndani angadandaule kuti mwana wa mlimi wavala nsapato? Kampani ya Bata, imene inayamba ku Zlín mu 1894 n'kutsegula fakitale ku Gweru mu 1939, inaveka ana asukulu ambirimbiri a m'chigawo chino cha Africa. Koma nsapato zotchipa kwambiri zimene zadzaza misika lero zinataya chinthu chimodzi: mkati mwake mulibe chogwira ulusi. Pamene phazi limaponda pali katoni, ndipo chimene chikuoneka ngati chikopa ndi nsalu yopakidwa pulasitiki. Ngakhale msoko umene umaoneka m'mphepete kawirikawiri ndi chithunzi chabe chodindidwa pa pulasitikiyo.

Nsapato zimenezi ndi zimene zimafika m'manja mwa wosoka wa kuno ku Chifunde. Boma lino lili kumpoto kwa chigawo cha Tete, pamalire ndi Zambia, ndipo katundu amalowa ndi msewu wa N9 wochokera mumzinda wa Tete kupita ku Cassacatiza, Chanida mpaka Katete, womwe Achewa a kuno amadzera mu Ogasiti popita ku Kulamba ku Mkaika. Akavalo kuno si nyama yathu. M'zigwa za Zambezi ndi Luangwa kashembe wakhala akuwapha kuyambira kale, n'chifukwa chake ngakhale Apwitikizi ankanyamulidwa pa machila. Kuno munthu amayenda pansi, amapalasa njinga, amakwera njinga yamoto, amatsata ngolo. Mlimi wa fodya amaponda mame m'mamawa ndi matope a dzinja kuyambira Novembala mpaka Malichi. Wokumba golide amaima m'madzi tsiku lonse. Mwana wasukulu amamenya mpira ndi nsapato yomwe amapita nayo kutchalitchi. Ndipo nsapato kuno si zokongoletsa chabe, chifukwa phazi lopanda kanthu ndi khomo la matekenya, minga, ndi njoka za m'mimba zija zimalowera pakhungu.

Zida za mmisiri wathu zimakwana m'kathumba kamodzi: mpeni wonoledwa mpaka kuwonda, nthawi zina wosula kuchokera ku sowo yodulira zitsulo, singano yangowe yopangidwa ndi sipoko ya njinga yokhomedwa pa kamtengo, ulusi wa nayiloni kapena linya, kachidutswa ka phula, hamala, pulayazi, sandipepa, kachitini ka guluu, ndi chitsulo chovekapo nsapato pokhoma. Muyang'anitsitseni akamasoka. Ulusi wina uli mkati mwa nsapato, dzanja lamanzere likuugwira kosaona. Amabaya singano kuchokera kunja, chala cha mkati chimafufuza nsonga n'kukoleka ulusi pa ngowe, amakoka n'kutulutsa kagoba, n'kupisamo ulusi wa kunja, ndiye amakoka mbali zonse ziwiri mpaka mfundo ibisale pakati pa soli. Msoko umenewu ndi womwewo umene makina osokera amapanga, ndipo mfundo ikakhala pakati ndithu, ngakhale ulusi wa kunja utadyeka pena, wotsalawo sumasuka. Pomaliza amawotcha nsonga ya nayiloni ndi machesi n'kuifinya ndi chala. Anthu ambiri azolowera kupita ndi nsapato yatsopano kwa mmisiri asanaivale n'komwe, kuti aisoke mozungulira. Chizolowezi chimenechi n'chanzeru: amadziwa kuti guluu wa kufakitale sadzapirira dzuwa la Okutobala ndi matope a Januwale, ndipo akubwezera msoko umene fakitale inachotsa.

Pa nkhani ya guluu pamatayika nsapato zambiri. Guluu wachikasu wa osoka nsapato amafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale zoyera, zouma ndi zokandidwa. Amapakidwa mopyapyala uku ndi uku, n'kusiyidwa mphindi khumi kapena kuposerapo mpaka asiye kumata chala, ndiye n'kuphatikiza ndi kukhoma mwamphamvu. Kasitomala wothamangira minibasi amene akuti “Bambo, tangomatani ndizipita” akudzipweteka yekha, pakuti guluu womatidwa ali wamadzi sagwira. Choipa kwambiri ndi kaguluu ka m'tichubu kouma nthawi yomweyo. Kamaumitsa chikopa gwa, pamalo pamene nsapato imayenera kupindika, ndiye pamathetheka, ndipo mmisiri akadzafuna kukonza amayamba wadula ponse pamene kanafika. Fungo la guluu wachikasu nalonso limawononga mutu ndi chifuwa, kotero kugwirira ntchito panja, pamphepo, n'kwabwino kuposa m'kakanyumba kotseka.

Pali nsapato ina imene imakhumudwitsa anthu kwambiri, ndipo mlandu umagwera mmisiri kapena wogulitsa. Chiyambire pamene migodi ya malasha ya ku Moatize inakula cha m'ma 2011, jombo zokhala ndi chitsulo kutsogolo zawanda m'misika ya m'chigawo chino, zina zatsopano, zina za kaunjika. Zambiri zili ndi soli yopepuka ya polyurethane. Pulasitiki ameneyu amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo patapita zaka amafumbutuka, makamaka ngati nsapatoyo yangosungidwa osavalidwa, m'malo otentha. Munthu amagula jombo yooneka yatsopano, mapondedwe ake osadyeka n'komwe, koma akaivala masiku ochepa soli imayamba kunyenyeka n'kumasiya zidutswa m'njira. Palibe guluu amene angaigwire, chifukwa chimene chikuola ndi soli yeniyeniyo. Chikhalirecho chikopa cha pamwamba pa jombo zimenezi nthawi zambiri chimakhala chabwino zedi. Mmisiri wodziwa amapala zonyenyekazo zonse, kuika maziko atsopano mkati, n'kusokerapo soli ya tayala. Jombo imalemerako, koma imakhalitsa kuposa mmene ikanakhalira ndi soli yake yoyamba.

Tayala ndiye chuma cha mmisiri wa kuno, ndipo ndikukana maganizo akuti soli ya tayala ndi ya amphawi. Nkhwaira zinayendetsa makolo athu maulendo ataliatali, ndipo m'zaka za nkhondo ya m'dziko muno imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pamene masitolo a kumidzi anatsekedwa ndipo anthu ankathawira ku Zambia ndi ku Malawi wapansi, wokhala ndi nkhwaira anali ndi mwayi. Ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku Kenya nakonso amasoka nsapato za matayala. Ku Italy, Vitale Bramani anatulutsa soli ya mphira ya mano ya Vibram mu 1937, anzake atafera m'phiri chifukwa cha nsapato zosayenera, ndipo lero amisiri a ku America amaika soli za mphira pa jombo za akauboyi za anthu ogwira ntchito yoyenda pansi. Kampani ya Courteney ya ku Bulawayo imagulitsa kunja jombo zodula za mapondedwe a tayala. Vuto lili pa matayala a masiku ano. Chiyambire pamene Michelin inalembetsa tayala la mtundu wa radial mu 1946, matayala ambiri a galimoto ali ndi mawaya achitsulo pansi pa mapondedwe, amene amabunthitsa mpeni ndi kulasa zala. N'chifukwa chake amisiri amasakasaka matayala akale a ulusi okhaokha, a mathirakitala ang'onoang'ono ndi a njinga zamoto, kapena amadula m'mbali mwa tayala mopanda waya, kapena lamba wakale wa makina.

Jombo za mphira zili ndi njira yake. Ya mphira weniweni imamatidwa chigamba cha chubu monga amachitira ndi njinga yophulika. Ya pulasitiki guluu saigwira, ndiye mmisiri amawotcha kampeni pamakala, kudula kachidutswa ka nsapato ina ya pulasitiki yomweyo, n'kusungunula ziwirizo kuti zilowane.

Nanga jombo ya kauboyi ikatuluka m'belo n'kugulidwa ndi mnyamata wa njinga yamoto wa ku Nsadzu, mmisiri achite nayo chiyani? Kwa woyendetsa njinga yamoto jomboyi njoyenera ndithu: chidendene chimakola pachopondera, chikopa chachitali chimateteza mwendo ku paipi yotentha, ndipo palibe zingwe zokodwa mu tcheni. Chosayenera ndi soli yake ya chikopa, imene imaterera pamatope, imamwa madzi, ndipo pamiyala ya kuno singathe dzinja limodzi. Maganizo anga ndi akuti asadikire kuti ibooke. Soli ikadali yamoyo, mmisiri aikande n'kumatapo mphira wopyapyala kuyambira kuzala mpaka pakati pa phazi, asinthenso kamphira ka kuchidendene. Ikakhala kuti yabooka kale, adule msoko wa kunja, asiye pakati pa phazi pamene pali tizikhomo osapakhudza, adule soli yakale mopendeketsa pamenepo, alumikize theka latsopano n'kulisokera pa kalamba uja. Cholakwika chachikulu, chimene chimachitika chifukwa cha chizolowezi, ndi kubaya singano kudutsa chikopa cha pamwamba monga timachitira ndi nsapato zomata. Kutero ndi kuboola nsapato imene inapangidwa dala kuti isadzabooledwe, ndipo madzi amayamba kulowera m'mabowomo.

Sikuti tiyenera kutengera za ku Texas. Chigawo chino cha Africa chili ndi njira yake yopangira nsapato yokonzeka, imene imaoneka pa nsapato za veldskoen za ku South Africa, Namibia ndi Zimbabwe. M'malo mopindira chikopa cha pamwamba mkati, amachipindira kunja n'kuchisokera pa chikopa cha pakati, ndipo soli ya mphira imamatidwa pansi pake. Sipafunika kalamba, sipafunika makungwa a ku Portugal, ndipo msoko uli poyera pamene singano ya sipoko ingafike. Soli ikatha imakanulidwa n'kuikapo ina. Ngati pali mtundu wa nsapato umene mmisiri wa ku Chifunde angapange kuyambira pachiyambi ndi zida zimene ali nazo kale, ndi umenewu.

Chimene chikumusowa ndi chikopa. Ng'ombe ndi mbuzi zimaphedwa m'misika yathu sabata ndi sabata, ndipo ku Angónia ndi ku Tsangano ng'ombe n'zambiri, koma zikopa zake zimathera ku ng'oma, ku zingwe za goli, kapena zimangowola. Chikopa chongoyanika padzuwa sichingakhale nsapato, chimauma gwa ndipo chikanyowa chimanunkha. Chimafunika kufufutidwa. Mafakitale amafufuta ndi mchere wa chrome, njira imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 1880 ndipo imatenga masiku ochepa, koma imafuna makina ndipo madzi ake amaipitsa mitsinje. Chikopa cha soli ndi cha maziko a mkati mpaka lero chimafufutidwa ndi makungwa kapena zipatso za mitengo, m'maenje, kwa milungu kapena miyezi. Amisiri a ku Kano ku Nigeria ndi a ku Sudan amagwiritsa ntchito nyemba za mtengo wa minga wa Acacia nilotica, umene umameranso m'chigwa cha Zambezi. Ku Zambia kampani ya Zamleather imafufuta zikopa n'kupanga nsapato, ndipo chikopa chochepa chimene amisiri a m'malire amapeza chimadutsa m'manja ambiri chisanawafike, mtengo ukukwera. Enawo amadula zigamba pa zikwama zakale ndi nsapato zotayidwa. Zimandiwawa kuona munthu wodziwa kusoka msoko wolimba chonchi akuthera luso lake pa katoni ndi pulasitiki, pamene chikopa chikuwola kuseri kwa butchala. Mnyamata mmodzi wophunzira kufufuta pa msika uliwonse waukulu angasinthe ntchito ya amisiri onse a pamsikapo.

Si nsapato iliyonse imene iyenera kukonzedwa, ndipo mmisiri woona mtima amanena. Ngati chikopa cha pamwamba chathetheka pamene zala zimapindikira, kapena maziko a mkati awola, kuika soli yatsopano ndi kutaya ndalama. Ngati ndi pulasitiki amene wayamba kusupuka, msoko udzangong'amba. Wogula ndiye ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhani yonseyi, makamaka m'miyezi imene ndalama za fodya zalowa ndipo mabelo akutsegulidwa pamsika. Pa mulu wa kaunjika, tukulani kansalu ka mkati muone ngati pansi pake pali chikopa kapena katoni. Yang'anani ngati ulusi wa m'mphepete ukuonekeranso kunsi kwa soli. Finyani soli ndi chikhadabo, ndipo ikanyenyeka kapena kumata, isiyeni, pokhapokha ngati mwaigulira chikopa chake n'cholinga chokaika tayala. Nsapato ya chikopa ikanyowa musaiyanike pamoto kapena pamalata, muike mapepala mkati iume pamthunzi, kenako muipake polishi kapena mafuta pang'ono. Ndipo muzipita nayo kwa mmisiri chidendene chikangoyamba kudyekera mbali imodzi, chifukwa chikapendekeka chimapotoza nsapato yonse, ndipo kusintha kamphira ka pansi n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso chidendene chathunthu.